Anapiye Ofera M'chigoba

Kwathu ku Nachisaka chaka chilichonse cha njala chili ndi dzina lake. Chimene ndikunena pano ena amachitcha cha chimanga chachikasu, ena cha matipate, chifukwa chinabwera titangovota kumene. Koma pa mtundu wathu, mpaka lero, akafuna kuchitchula amati "chaka cha mazira a mkamwini," kenako n'kuseka. Ine sindiseka nawo. Mkamwiniyo anali mwamuna wanga, a Gama, ndipo chimene chinachitikira mazira aja ndimachidziwa kuposa onse osekawo.

OKUTOBALA

A Gama anali a ku Ntchisi, kuseri kwa mapiri. Ukwati wathu unali wa chikamwini: iwo ndiwo anasamukira kwathu, kumanga nyumba pa malo a amayi anga ndi kulima munda umene amalume anatiloza. Zaka zisanu ndi chimodzi zoyamba ankagwira ntchito pa famu ya nkhuku kufupi ndi Lilongwe, n'kumabwera mwezi ukatha ndi sopo ndi shuga. Nthawi imeneyo anali "bambo athu" kwa aliyense. Kwacha itagwa, zakudya za nkhuku n'kukwera mtengo, famu ija inachepetsa anthu. Anabwerera kumudzi ndi wailesi, nyali yagalasi ndi kagalasi koyezera kutentha. Shuga atatha m'nyumba, dzina lawonso linasintha, anakhala "mkamwini uja."

Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ine ndine wapakamwa, ndinatengera amayi, ndipo nthawi zina ndinkawaputa dala kuti ndione ngati amadziwa kupsa mtima. Iwo ankangoseka n'kupitiriza kusema mpini.

A Gama ndi amayi anga sankayankhulana. Sichinali chidani, unali ulemu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana, akakumana panjira wina amapatukira m'tchire. Choncho mawu awo onse ankadutsira mwa ine. Amayi akafuna kuti khola likonzedwe ankauza ine, ine n'kukauza a Gama, ngakhale onse awiri atakhala pa bwalo limodzi atafulatirana. Ntchito imeneyo ndinkainyadira, chifukwa mawu otentha ndinkayamba ndawaziziritsa asanafike kwa mwini wake.

Zokolola za chaka chathacho zinali zochepa. Nkhokwe yathu inali m'chiuno pa nthawi imene imayenera kukhala m'khosi. Kenako chitopa chinalowa m'mudzi. Nkhuku zinkaodzera masana, mapiko ali pansi, m'mawa n'kuzipeza zitauma. Tinadya nkhuku sabata yathunthu mpaka ana kuyamba kuikana, osadziwa kuti tikutsanzikana ndi nyama. Pa nkhuku khumi ndi zinayi za amayi panatsala thadzi limodzi. Kwa ife sikunatsale ngakhale imodzi.

NOVEMBALA

Mvula yoyamba inagwa bwino ndipo tonse tinathamangira kudzala. Chimanga chitangomera, kumwamba kunayera mbee kwa masabata atatu, mmera wonse n'kupsa. Tinadzalanso ndi chimanga cha m'nkhokwe, chomwe tikanadya. Feteleza ndiye osanena. Tinkangopita kukamuzonda m'sitolo ngati m'bale wodwala, n'kubwerako chimanjamanja.

Amalume anga, omwe anavotera chipani chakale, ankati mvula yathawa matipate. Anyamata omwe anavotera chatsopano ankati yathawa chifukwa amalumewo anatha mitengo powotchera fodya. Ankakangana pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka, koma kumwamba sikunkamva za mbali iliyonse. Mvula inabweranso mwezi ukutha, ndipo chimanga chachiwiricho chinamera chowonda, chotumbuluka.

DISEMBALA

Nkhokwe yathu tinaisesa Khirisimasi isanafike. Tinayamba kuphika mango aawisi, kenako nkhwani popanda nsima. Mtengo wa chitini cha chimanga unkasintha ngakhale uli pa mzere. Kunamveka kuti boma litumiza chimanga chachikasu, kunamvekanso kuti chafika kale koma akulemba okhawo amene anavota bwino. Aliyense anali ndi m'bale wake amene anaona magalimoto ake, koma palibe amene anaona thumba.

Anthu anayamba kugulitsa zimene chitopa chinasiya. Ogula ankabwera pa njinga kuchokera ku Mponela, ndipo ankafuna atambala chifukwa ndi olemera. Mathadzi tinkawasunga poti amaikira. M'mudzi monse munatsala atambala awiri, wa amalume ndi wina wokalamba wa kutsidya kwa dambo.

Njala ikavuta, woyamba kuoneka kuti amadya kwambiri ndi mkamwini. Mwamuna wa msuweni wanga anatsanzika kuti akukasuma, kukagwira ganyu yoti apeze chakudya cha ana, ndipo sanabwererenso. Wina anachoka osatsanzika n'komwe. Amayi anayamba kundifunsa, mwaulemu wake, ngati ku Ntchisi mvula ikugwa, ndiponso ngati abale a a Gama sanawasowe. Mawu amenewo sindinawafikitse. Koma munthu sachita kuuzidwa kuti mbale yake ikuwerengedwa.

Tsiku lina tikupalira, a Gama anaimika khasu n'kundiuza zimene zinali m'mutu mwawo. Anati nkhuku zatha dera lonse, ndipo pofika nthawi yokolola aliyense adzafuna msoti woti ayambirenso kuweta. Mathadzi otsalawo anali owonda, ankaikira koma osafuna kufungatira. Iwo akanatha kupanga bokosi lofungatira mazira ndi nyali, monga ankachitira ku famu magetsi akazima. Aliyense wopereka mazira adzatenga theka la anapiye ake, theka linalo n'kukhala lathu. Chakudya cha anapiye chidzakhala chiswe ndi ngumbi, zomwe sizikhudzidwa ndi njala.

Ndinawaseka, ndinati anthu akufuna nsima lero, osati nkhuku ya mu Juni. Iwo sanaseke.

"Nabanda," anatero, "ndikuona mmene abale anu akundiyang'anira. Sindikufuna kuchoka ngati anzanga aja. Ndikufuna aone kuti manja awa ali ndi ntchito pamudzi pano."

Pamenepo ndinadziwa kuti nkhani si ya nkhuku. Mazira akaswa, a Gama akhala. Akapanda kuswa, ndidzalera ndekha ana athu, Tiyanjane ndi mng'ono wake.

JANUWALE

Bokosi analipanga ndi matabwa a chitseko chakale, m'kati n'kukhomamo masaka. Pansi pake anaika nyali, pamwamba pa nyaliyo kachidutswa ka lata, kenako sefa yoikapo mazira. M'mbali anaboola timabowo ta mpweya. Pakona anaikapo kambale kanga kachitsulo kodzaza madzi. Wailesi anakaisiya kwa Che Saidi a golosale, n'kubwerako ndi parafini wokwana masiku makumi awiri ndi limodzi.

Amalume atamva anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo: dzira la lero ndi ndiwo, mwanapiye wa mawa ndi nkhani chabe. Koma atazungulira bokosi lija kawiri, n'kugwira kagalasi koyezera kutentha, anatumiza mazira asanu ndi atatu. Iwo atapereka, ena onse anatsatira. Azimayi ankabwera ndi awiri, atatu, atamangirira pa nsonga ya chitenje. Dzira lililonse linalandidwa pakamwa pa mwana, ndipo ankalipereka akuliyang'anabe. Amayi anatumiza asanu ndi limodzi kudzera mwa ine. Onse pamodzi anakwana makumi anayi ndi awiri. Pa dzira lililonse a Gama analemba ndi khala chizindikiro cha mwini wake mbali imodzi, mbali inayo kamtanda, kuti potembenuza tisasokoneze.

Iwo ankalawirira ku ganyu pa esiteti ya fodya kutsidya kwa mtsinje, komwe ankalipidwa kambale ka gaga patsiku. Masana onse bokosi linali m'manja mwanga. Malamulo anali atatu: kutembenuza mazira m'mawa, masana ndi madzulo, kuona kuti moto wa nyali usakwere kapena kutsika, ndi kuti madzi asaphwe m'kambale.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri silidzachoka m'mutu mwanga. Linali Lamulungu. A Gama anatseka chitseko ndi zenera dzuwa lili pamutu, n'kusiya kabowo kamodzi kolowetsa kuwala. Ankatenga dzira n'kuliika pa kabowopo, m'kati monse n'kuoneka. M'dzira loyamba ndinaona timitsempha tofiira titayala ngati mizu, pakati pake kadontho kakuda kakugwedezeka kokha. Ndinaweta nkhuku kuyambira ndili mwana, koma sindinkadziwa kuti moyo umayamba chonchi. Ndinawayang'ana a Gama tsiku limenelo ngati ndikuwaona koyamba.

Si onse anali otero. Khumi ndi limodzi anali oyera mbee, opanda kanthu. A Gama anati amenewo tambala sanawafikire, ndipo n'zosadabwitsa poti atambala tinagulitsa. Anawabweza kwa eni ake kuti akaphike akadali abwino. Ena asanu anali ndi mzere wa magazi wozungulira ngati mphete. Amenewo anayamba kukula n'kufa pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, mwina chifukwa anakhalitsa asanabwere, mwina chifukwa make anaikira ali ndi njala. Pa asanuwo, awiri anali a amayi.

M'mawa mwake, a Gama atapita ku ganyu, amayi analowa m'nyumba n'kutsegula bokosi. Maso awo anagwera pa kambale.

"Iwe mwana, unaionapo nkhuku ikutungira madzi mazira ake? Dzira likangonyowa lasukusa, ngakhale Tiyanjane akudziwa. Ndi zimenezi zapha awiri angawa. Akamwini anaphunzira nkhuku zachizungu, zathuzi n'zina. Chotsa madziwo, apo ayi undipatse anayi anga otsalawo."

Sindingawanene kuti anali oipa mtima. Nkhuku anayamba kuweta ine ndisanabadwe, ndipo anaonadi mazira ambiri akusukusa chisa chikadontheredwa.

Madzulo ndinauza a Gama, moziziritsa, kuti amayi akufunsa za madzi. Anandifotokozera modekha kuti thupi la nkhuku lili ndi chinyontho chake, dothi la pansi pa chisa nalonso lili nacho, pomwe nyali imangoumitsa. Madzi aja sakhudza dzira, amangofewetsa mpweya. Popanda iwo dzira limauma m'kati, mwanapiye n'kumatirira ku chigoba, osatha kutembenuka kuti atuluke. Anandipempha kuti ndikawafotokozere amayi chimodzimodzi.

Ndinakafotokoza, koma amayi sanafune kumva. Sananene kuti ana anga amadya kwa iwo. Anangoyang'ana pamene Tiyanjane ankanyambita chipande, chifukwa dengu lomaliza la chimanga pa mtundu wathu wonse linali pansi pa bedi lawo, ndipo kaphala ka ana anga ka masana kankachokera mmenemo.

Ndiye ndinachita zimene ndinazolowera. Kwa amayi ndinati a Gama avomera. Kwa a Gama ndinati amayi amvetsa. M'mawa uliwonse iwo akangowoloka dambo ndinkachotsa kambale, dzuwa likapendeka n'kukadzaza ndi madzi a mumtsuko, kukabwezera pakona pake. Ndinkadziona wochenjera kwambiri. Ndinaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Kawiri konse a Gama anandifunsa ngati madzi akukhalamo tsiku lonse. Kawiri konse ndinati eya, ndikuyang'ana pamoto. Tsiku lakhumi ndi chinayi anaunikanso mazira pa kabowo kaja. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mbali yaikulu ya dzira, kumene kumakhala mpweya, n'kunena kuti malo amenewo akula msanga. 

FEBULUWALE

Mvula inadukanso. Dzuwa linang'amba masiku khumi ndi awiri, chimanga n'kupota masamba ngati anyezi. M'nyumba munkatentha ngakhale mbandakucha. Anthu anayamba kukumba zitsa za nthochi n'kumasinja. Maliro anachuluka, ndipo ankaikidwa msanga chifukwa panalibe chodyetsa olira. Pa esiteti paja ganyu inatha.

Kenako kunamveka kuti chimanga chafika ku depoti ya kuboma, koma mzere wake ngwa masiku awiri kapena atatu. Dengu la amayi linali litafika pansi, ndipo ana anali atagona masiku awiri ndi nkhwani zokha. Linali tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chitatu la mazira. A Gama anagulitsa jekete lawo, n'kukonzeka ulendo. Asananyamuke anadzaza kambale, ananyowetsa kasaka n'kukapachika m'kati mwa bokosi, ndipo anandiuza kuti kutembenuza kwatha, bokosi lisatsegulidwenso kupatula pothira madzi.

Ali pakhomo anabwereranso.

"Nabanda, masiku atatu awa ndiwo onse. Kaya m'mbuyomu zakhala zikuyenda bwanji, masiku atatu okhawa madzi asachoke. Ndakupemphani."

Ndinavomera, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Koma asanafike ndi kumsewu komwe, amayi anatulukira ndi anzawo awiri kudzaona zidzukulu zawo za nkhuku. Atapeza kasaka konyowa anagwira pakamwa. Anakatulutsa okha, kambale n'kukakhuthulira panja. Ine ndinaima pomwepo manja ali kumbuyo. Ndikananena kuti a Gama sanavomerepo, ndikanaulula kuti ndakhala ndikunamiza amayi anga masiku khumi pamaso pa anzawo. Mumtima ndinati ndibwezeramo akachoka. Koma sanachoke. Anayala mphasa pakhonde langa masiku onse atatu, ndipo aliyense amene anapereka dzira ankabwera kudzasuzumira. Bokosi linkatsegulidwa kakhumi patsiku. Madzi ndinkabwezeramo dzuwa litalowa, m'mawa n'kuwachotsa amayi asanafike.

Tsiku la makumi awiri mazira anayamba kulira. Timawu tating'ono tinkamveka m'kati mwa zigoba, ndipo azimayi anaimba nthungululu ndi mphamvu zochepa zomwe anali nazo. Pofika masana mazira ambiri anali ataboola, timilomo tikutuluka, tikutsegula ndi kutseka. Tinadikira kuti zigoba zisweke. Sizinasweke. Kabowo kankangokhala kamodzi komweko, kamlomo kakupuma, osasuntha. Madzulo kulira kunayamba kuchepa.

M'mawa mwake ndinatenga limodzi kuti ndithandize. Nditabenthula chigoba ndinapeza kachikopa ka m'kati kataumiratu ngati pepala, katakulunga mwanapiye n'kumumatirira ku nthenga. Nditakoka pang'ono panatuluka magazi. Anatambasula kamwendo kamodzi n'kufera m'dzanja langa. Ndinathamangira ku mtsuko, ndinathira madzi m'kambale, ndinanyowetsa masaka awiri, amayi akundiyang'ana. Nthawi inali itatha kale.

A Gama anafika dzuwa likulowa, atasenza theka la chitini cha chimanga chachikasu, mapazi atatupa. Sanakhale pansi. Anatula katundu, anagwada pa bokosi n'kuika khutu pa thabwa. Anakhala choncho nthawi yaitali.

Pa mazira makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, anapiye atatu okha ndiwo anatuluka, awiri ali opindika miyendo. Palibe amene anatha sabata.

Patapita masiku awiri amalume anaitanitsa onse amene anapereka mazira. Tinakhala pabwalo pawo, amuna mbali yawo, akazi mbali yathu, ine pafupi ndi amayi. A Gama anabwera ndi lichero, n'kumaswa dzira limodzilimodzi pamaso pa mwini wake. M'dzira lililonse munali mwanapiye wathunthu, wa nthenga, wa zikhadabo, maso ali tseke, atapinda mutu pansi pa phiko. Chinangotsala n'kutuluka basi. Mayi wina, amene mwana wake anali atayamba kutupa mapazi, ataona anayi ake analira ngati pamaliro. Ena anatola awo kukawotcha, poti njala ilibe manyazi.

Amalume anafunsa chimene chinalakwika. A Gama anatembenuka n'kuyang'ana mbali ya akazi. Anandiyang'ana ine, osati mokwiya, kungoyang'ana. Ine amene ndinali ndi pakamwa pakuthwa m'mudzi monse, ndinayang'ana zala za kumapazi.

"Kulakwa n'kwanga, amalume," anatero. "Bokosi linauma. Ndinalipanga ndine, ndipo mazira ndinapempha ndine."

Amayi anayankhula mokweza, akuyang'ana kumbali monga mwa mwambo, kuti iwo ananena kuyambira pachiyambi kuti madzi ndi mazira sizigwirizana. Anthu sanamve zoti bokosi linauma, anangogwira zoti mkamwini anathirira mazira madzi. Wina anaseka. Amalume anati mlandu palibe, koma munthu akakhala kwa eni ake aziyamba wafunsa. Ndikanatha kuimirira pamenepo. Mawu anali pakhosi, anali ochepa, koma sindinawatulutse.

Sabata isanathe a Gama anandiuza kuti akukasuma kwawo. Chimanga chachikasu chija anasiya chonse, nyali anasiyanso. Anatenga khasu ndi kagalasi kawo. Tiyanjane anamunyamula, anamuika pansi, n'kupita.

MALICHI NDI EPULO

Mvula inabweranso chimanga chambiri chitapita kale. Chomwe chinapulumuka tinayamba kuchidya chili dowe, kenako kuyanika chosakhwima n'kupanga ufa wa chitibu. Ana anayamba kuthamanganso pabwalo. Kawiri munthu wa pa njinga anabwera ndi kathumba ka mbatata ndi nyemba kuchokera ku Ntchisi. Ndinkamufunsa ngati pali mawu, iye ankati anangouzidwa kuti n'za ana.

Bokosi linakhala pakhonde, mbuzi ya amalume n'kumagona pamenepo. Tsiku lina mlangizi wa ziweto, akuyendera midzi kuona zimene chitopa chinasiya, analiona n'kufunsa amene analipanga. Analitembenuza, analiyamikira, n'kunena kuti munthu ameneyu ntchito ankaidziwa, bola madzi asamasowe m'kati. Amayi anali pomwepo akutongola chimanga. Mlangizi atapita, amayi anandifunsa kuti nanga akamwini sananene bwanji kuti madziwo ngofunika chotero.

"Akananena kwa yani, amayi? Pakamwa pawo ndinali ine."

Ndinawauza zonse tsiku limenelo. Analira, ine ndinaliranso. Koma pabwalo la amalume palibe amene anakabweza mawu, ndipo dzina la chaka lija linali litakhazikika kale.

JUNI

Tinakolola ngolo imodzi yosadzaza. Nkhuku zinasowadi monga a Gama ananenera. Msoti umodzi unkasinthidwa ndi chimanga chimene mu Okutobala ukanagula nacho nkhuku zitatu, ndipo anthu ankapita mpaka ku Chisepo kukaufuna. Ndikamva zimenezi mtima unkandiwawa ngati wapsa.

Nditatha kuthira chimanga m'nkhokwe ndinasiya ana kwa amayi n'kuuyamba wa ku Ntchisi. Ndinanyamuka kukuzizira, mame ali mbuu, ndinakwera mapiri tsiku lonse. Njira yonse ndinkakonza mawu anga. Ndinkaganiza kuti ndikawauza zoona akwiya, andikalipira kamodzi m'moyo wawo, kenako tibwerera limodzi.

Ndinawapeza kudimba la mlongo wawo akuthirira kabichi. Anali atawonda, koma anandilandira bwino, anafunsa za ana, za amayi, za amalume. Tinakhala pa mzere wa dimba. Ndinawauza zonse, kuyambira tsiku limene amayi anaona kambale mpaka masiku atatu aja. Sanandidule mawu. Nditamaliza anatola kadothi n'kumakafikisa m'zala.

"Ndinkadziwa, Nabanda," anatero. "Madzi okhala m'bokosi lotentha tsiku lonse amafunda, ndipo amachepa. Ine madzulo aliwonse ndinkapeza kambale kodzaza, madzi ake ozizira ngati angotungidwa kumene."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati anandifunsa kawiri, ndipo ndinawayankha. Kwa apongozi sakanatha kupita, ndipo kutcha mkazi wawo wabodza pa malo a amayi ake sakanathanso. Ankaganiza kuti masiku atatu omaliza aja ndidzawamvera chisoni.

Ndinagwada pa dothi lonyowalo. Ndinati ndikanena pamaso pa amalume ndi mudzi wonse, ndikaitana aliyense amene anapereka dzira. Ndinati ana akuwafunsa tsiku lililonse.

"Mazira si kanthu," anatero. "Ku famu ankafa mazana, m'mawa tinkaikamo ena. Ngakhale pabwalo paja sindinkafuna kuti mudzinenere mlandu. Ndinkangoona ngati mudzuka pamene munakhala paja, mudzakhale pafupi ndi ine. Zikanandikwanira."

Sanakweze mawu. Ndinagona kwa mlongo wawo. M'mawa anandimangira nyemba ndi mitu iwiri ya kabichi, anati Tiyanjane akatsekera sukulu adzabwere adzacheze. Katunduyo anasenza okha kutsika phiri, ine ndikutsatira pambuyo, ndikudikira kuti mwina tikafika pa mtsinje awoloka nane. Titafika anatula mtolo, anandisenzetsa pamutu, anaukonza kuti ukhale bwino. Kenako anandifunira ulendo wabwino, monga amachitira munthu akaperekeza mlendo, n'kubwerera kukathirira kabichi wawo.